Denga la Zitini

"Ndiye mukuti tizikagona m'chitini cha nyemba?" anafunsa mayi Alinesi, manja ali m'chiuno. "Ndiyankheni, bambo ake Kenias. Ndalama za malo mukufuna kugulira zitini?"

"Sindinagule kanthu, amake mwana. Tikungomva kaye maganizo a mnyamatayu," anayankha a Pensulo, uku akukanda bondo lawo lodwala.

"Mhamha, si zitini ayi," anatero Kenias, mwana wawo yekhayo, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki pa banki ina m'tauni ya Bindura. "Ndi masheya. Mukagula masheya mumakhala mmodzi wa eni kampani. Kampani yake ndi ija imapanga nyemba zam'zitini, jamu ndi mafuta ophikira."

"Mwini kampani wopanda pogona! Koma ndiye ndaziona chaka chino."

Ife oyandikana nawo pa komboni ya mgodi tinkamva zonse, poti makoma a nyumba za kampani sasunga chinsinsi cha munthu. Nkhani yake tinkaidziwa kale. A Pensulo anali atapumitsidwa ntchito atakumba pansi pa nthaka pafupifupi zaka makumi anayi. Mgodi unawaikira ndalama zawo zopumira kubanki, n'kuwauza mwaulemu wonse kuti pofika kumapeto kwa Ogasiti akhale atatuluka m'nyumba. Apa n'kuti mwezi wa Julayi wa chaka cha 2007 uli pakati, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa.

Anzawo achishona akapuma ntchito ankangokweza katundu pa lole n'kupita kumusha, kumudzi kwawo. A Pensulo analibe kopita. Ku Dedza anachokako ali mnyamata ndipo owadziwa onse anatha. Mwambo wakwawo umati mwamuna akakhale kwa mkazi, koma mkazi wawo anabadwira pa purazi, famu ya mzungu, cha ku Shamva, purazi yomwe tsopano inali ndi eni ake atsopano. Zitupa zawo zonse ziwiri zinali zolembedwa kuti ndi alendo. Chiyembekezo chawo chinali kamunda ka ku Masembura, komwe Jasper, mnzawo wa a Pensulo wa ku mgodi, anavomera kuwagulitsa.

Kenias anakankhira makapu a tiyi pambali n'kuyala pepala pa tebulo. Papepalapo panali mizere iwiri, wofiira wokhotakhota ndi wabuluu wosalala.

"Baba, taonani. Wofiirawu ndi mtengo wa sheya tsiku ndi tsiku. Wabuluuwu ndi avereji, mtengo wapakatikati wa miyezi yambiri yapitayi. Zaka zonsezi wofiira wakhala ukuyenda pamwamba pa wabuluu. Sabata ino wagwera pansi pake. Sizichitika wamba zimenezi."

"Chinthu chikagwa ndiye kuti chadwala," anatero mayi ake.

"Chadwaladi, Mhamha, sindikukana. Boma lalamula kuti mitengo ya zinthu itsike ndi theka. Kampani singagulitse chitini pa mtengo wochepera zomwe yawononga pochipanga, ndiye yaimitsa makina. N'chifukwa chake m'mashopu mwangotsala mashelefu okhaokha. Anthu achita mantha, akutaya masheya awo motchipa. Koma ine ndafufuza. Makina alipo, malole alipo, ngongole zakunja alibe. Ndipo anthu sadzaleka kudya. Lamulo limeneli silikhalitsa. Likangofewa, mzere wofiira ubwerera pamwamba."

"Nanga ukapitirira kugwa?"

"Ukhoza kugwa pang'ono, inde. Koma ndalama zanu zili kubankizi sizikugwa pang'ono, zikusungunuka. Lero zikukwanira malo okha. Nanga malata? Nanga simenti? Ndipatseni masabata atatu kapena anayi. Tikagulitsa, tilipira a Jasper, tigula malata, mwinanso chitseko chabwino."

"Ine udzu ndimautha kumweta," anatero mayi Alinesi. "Denga la udzu silinaphe munthu. Bambo ake Kenias, mawa lomwe lino tiyeni tikamupatse Jasper cheke chake, malo akhale athu. Zamizerezi azisewera nazo ndi malipiro ake."

Apa m'pamene a Pensulo anadzutsa mutu, ndipo anayankhula ngati munthu amene akudabwa kuti ena sakuona chinthu chili poyera.

"Malo ndi athu kale, amake mwana. Kodi mwaiwala? Ndinapita ku Masembura ndi tambala wanga wofiira uja. Ndinakhala pansi, ndinawomba m'manja, ndinapempha malo monga munthu amapemphera. Jasper analandira tambala, anamupha, tinadya mbale imodzi. Kenako anandiyendetsa m'malire, kuchokera pa chulu mpaka pa mtengo wa muula. Kwathu zikatero nkhani yatha. Ndalama n'zongothokozera, zikhoza kubwera pambuyo."

"Kwanu kumeneko munachokako muli ndi mano onse mkamwa! Kuno si ku Dedza."

"Aikona! Jasper ndi sahwira wanga. Anthu a kuno sahwira samusewera naye, ndi amene amakuika m'manda. Munthu ndagwira naye chigayo chimodzi cha miyala pansi pa nthaka zaka makumi awiri angandigulitse?"

"Chabwino," anatero mayiwo akutola makapu mwaphokoso. "Wina wakhulupirira tambala, wina wakhulupirira mzere wabuluu. Ine ndatsala ndekha wopanda chipembedzo."

M'mawa mwake a Pensulo anavala jekete lawo lakutchalitchi n'kupita ndi Kenias kubanki kukasaina.

Sabata yoyamba mzere wofiira unapitirira kutsika. Kenias anayamba kusala kudya. Madzulo akaweruka ankathamangira ku mapemphero a mpingo wake wa Pentekoste, womwe unkasonkhana m'kalasi ya pasukulu, ndipo ankabwerako mawu atasasa. Akafika pa komboni ndi njinga yake, mayi ake ankamulonjera asanatsike n'komwe.

"Wafika mwana wanga. Kaya mzere wagona bwanji?"

"Zichita bwino, Mhamha. Mulungu ali mkati."

"Mulungu ali mkati mwa chitini?"

Nafenso, tisabise, tinkawaseka. A Pensulo akamadutsa pa mpopi, amayi ankati, "Patukani, akudutsa eni kampani." Iwo ankangomwetulira n'kukweza chipewa. Koma kuseka kwathu kunali kwa mantha, chifukwa aliyense pa mzere wathu wa nyumba ankadziwa kuti tsiku lake lotuluka likubwera, ndipo ambiri a ife zitupa zathu zinali ngati zawozo.

Mayi Alinesi anayamba kumanga katundu. Mbale anazikulunga m'zitenje, mbewu ya maungu ndi ya therere anaisunga m'botolo kuti akabzale ku Masembura. Tsiku lililonse ankawachonderera amuna awo ndi nkhani imodzi.

"Pitani mukangomuona Jasper. Mukamuuze kuti ndalama zikubwera. Kapena mutumize mawu pa kondakitala wa basi."

"Ndikamuuze chiyani? Kuti sindikumukhulupirira? Munthu anakupatsa kale chinthu, iwe n'kumakamufunsa kuti kodi chikadalipo, kumeneko n'kumutukwana."

"Ndiye ndipite ndine."

"Muchititse manyazi ine? Ati Pensulo watuma mkazi kudzalondera munda? Aziko ndaba, amake mwana, palibe vuto. Khalani pansi."

Mayiwo sanakhale pansi, koma sanapitenso. Ndalama ya basi analibe, ndipo kubanki munthu ukaima pa mzere tsiku lonse ankakupatsa zongokwanira buledi, buledi wakenso akapezeka.

Chakumayambiriro kwa Ogasiti, Kenias anatulukira masana dzuwa lili pamutu, tayi ili paphewa, akupalasa njinga ngati akuthamangitsidwa ndi agalu.

"Baba! Mhamha! Wadutsa! Wofiira wadutsa wabuluu!"

Zinalidi zoona. Boma linali litayamba kulola makampani ena kukweza mitengo, makina anayambanso kulira, ndipo anthu omwe ankataya masheya aja tsopano ankawalimbirana. Pasanathe masiku ambiri mtengo unakwera katatu. Mnyamatayo sanalakwitse chilichonse pa kuwerenga kwake, zimenezo tiyenera kumuchitira umboni. Anagulitsa masheya ambiri n'kusiyako ochepa, poti eni masheya ankaloledwa kugula katundu pa depoti ya kampaniyo pamene ena onse akungoona mashelefu opanda kanthu.

A Pensulo anavina pakhomo ndi bondo lodwala lomwelo. Ngakhale mayi Alinesi anaseka, n'kumufunsa mwana wawo kuti, "Ndiye ndalamazo zili kuti?"

Ndalamazo zinali ku Harare. Wogulitsa masheya anati cheke chimatuluka pakatha sabata. Cheke chitatuluka, banki yomwe Kenias ankagwirako ntchito inati nacho chiyenera kudikira masiku ake kuti chitsimikizike. Kenias anachonderera bwana wake mpaka kutsala pang'ono kugwada, koma bwanayo anangomuonetsa mulu wa macheke a anthu ena. M'masiku odikirawo mtengo wa malata unakwera kawiri, kenako malatawo anasowa n'komwe. Zinali zopsetsa mtima kuona ndalama zako zikuchepa uli chiyang'anire, wopanda wakuba woti umugwire.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, atatuwo anakwera basi ya ku Masembura. Mayi Alinesi ananyamula botolo lawo la mbewu, ati akayambe kuona pobzala. Atatsika anayenda wapansi kudutsa minda youma, a Pensulo ali patsogolo, akuloza uku ndi uku ngati munthu wobadwira komweko.

"Mukauona mtengo wa muula, mudziwe kuti tafika pakhomo," anatero.

Mtengowo anauona. Pansi pake panali mulu wa njerwa zootcha, wilibala, ndi malata atsopano akunyezimira padzuwa. Anyamata awiri anali kukumba maziko pafupi ndi chulu, wailesi ikuimba pa chitsa.

A Pensulo anaima. Anavula chipewa, anachivalanso.

"Jasper wayamba kutimangira," anatero motsitsa mawu, koma ngakhale iwo eni sanazikhulupirire.

Anamupeza Jasper pakhomo pake akukonza goli la ng'ombe. Atawaona anadzuka mofulumira, anaitanitsa mipando, anafunsa za ulendo, za bondo, za anthu a ku komboni mmodzimmodzi. Chinyanja anachiphunzira ku mgodi ndipo ankachiyankhula bwino, koma tsiku limenelo chinkamuthawa mkamwa.

"Sahwira, njerwa zili pamalo panga zija n'zayani?" anafunsa a Pensulo.

"Ii, sahwira, zvakaoma. Zinthu zavuta." Jasper anayang'ana goli lija. "Ndinakudikirani. Julayi yense ndinakudikirani. Nthawi imeneyo cheke chanu ndikanachilandira ndi manja awiri, ndinkafuna kulipirira mtsikana wanga sukulu ya unesi. Simunabwere, simunatumize ngakhale mawu. Ndinati kapena mwana wawo wa kubanki wawapezera nyumba m'tauni."

"Nditumize mawu a chiyani? Sunadye tambala wanga iwe?"

"Ndinadya, sahwira. Anali wonona."

"Sunandiyendetse m'malire?"

"Ndinakuonetsani malo amene ndikugulitsa. Munthu wogula amayenera kuona."

"Wogula? Ine ndinabwera kudzapempha, ndinawomba m'manja!"

"Ndiye ine ndinaona ngati ndi ulemu wanu chabe, anthu a ku Malawi mumadziwika ndi ulemu. Tambala ndi ndiwo, sahwira. Malo amagwidwa ndi chikole."

Kenias analowererapo, akutulutsa buku la macheke m'thumba.

"Baba Jasper, musadandaule. Mtengo munagwirizana uja ndikupatsani katatu. Ndilemba pompano. Abwezereni anthuwo ndalama zawo."

"Mwanangu, mapepala amenewo ndikagula nawo chiyani? Pofika Lachisanu adzakhala okulungira fodya. Mnyamata wagulayu ndi Kudzanai, amagula golide kwa makorokoza, anthu okumba mozemba ku maenje a ku Kitsiyatota. Wandipatsa marandi m'manja ndi ng'ombe yaikazi, ndi iyo ili apoyo. Komanso," apa Jasper anatsitsa mawu, "iyeyu ndi mwana wa kuno, mutupo wake, mfunda wa makolo ake, ukudziwika. Sabhuku, nyakwawa yathu, wamulemba m'buku la mudzi tsiku lomwelo. Za inu, nditakamba naye, anayamba zoti chitupa chawo n'cha alendo, akuluakulu akafunsa ndidzati chiyani. Mwina ndikanalimbana naye ndalama zili m'manja. Koma ndikanalimbana naye ndi tambala?"

Kukhitchini mkazi wa Jasper ananena kanthu m'Chishona kwa mnzake, ndipo mawu oti mabwidi, dzina lotinyoza ife a makolo ochokera ku Malawi, anamveka bwinobwino pabwalo ponse. Jasper anakhosomola kuti awaphimbe, koma anali atachedwa.

Mayi Alinesi anaika botolo la mbewu pansi.

"A Jasper, ine sindikukuimbani mlandu waukulu. Njala ndi imodzi, ya kuno ndi ya ku komboni. Koma mundiuze. Bambo awa analowa pansi pa Bindura ali ndi mapapo abwino, atuluka akutsokomola fumbi. Ine ndinabadwira kuno, mayi anga anakwiriridwa kuno. Mwana uyu Chinyanja chake n'chothyokathyoka, amalota m'Chishona. Pansi pa nthaka mumatilola, mpaka kutikankhira kutsogolo komwe kumagwa miyala. Pamwamba pake pokha ndiye ndife alendo? Tikhale zaka zingati kuti tifike?"

Jasper anadzuka, anazungulira kuseri kwa khola, ndipo kunamveka nkhuku zikuthawa. Anabwera atanyamula tambala wakuda, miyendo atamanga ndi luzi.

"Sahwira, kuti pasakhale mangawa pakati pathu."

A Pensulo anayang'ana tambalayo. Ndikhulupirira kuti akanamenyedwa khofi pamaso pa anthu sizikanawapweteka chotero. Anadzuka n'kuyamba kuyenda osatsanzika, chipewa chili m'manja.

"Bweretsani kuno," anatero mayi Alinesi akulandira tambalayo. "Pa malonda onsewa phindu lathu ndi limeneli."

Pobwerera palibe amene anayang'ana ku mtengo wa muula. Ali pa siteji ya basi, Kenias anayamba kulira ngati mwana.

"Ndinawerenga bwino, Mhamha. Mzere unakwera monga ndinanenera. Ndinalakwa pati?"

"Sunalakwe kuwerenga. Bambo akonso sanalakwe kupempha. Nonse munachita bwino kwambiri, n'chifukwa chake tilibe pogona. Pukuta m'maso, anthu akutiona."

Tsiku lomaliza la mwezi alonda a mgodi anabwera ndi loko watsopano. Anali ana omwe tinawaona akukula pa komboni pomwepo, ndipo ankapepesa uku akutulutsa bedi. Kenias ankachita lendi kachipinda kamodzi ku Chipadze, m'tauni muja, koma mwini nyumba anakanitsitsa kulandira makolo ake, ati chimbudzi chake si cha fuko lonse. Malo ena ogulitsa anawafunafuna ku Musana, kulikonse yankho linali limodzi: marandi kapena ng'ombe. Ndalama zija, zokwera katatu zija, zinali kubanki zikusungunuka, ndipo malo okhawo omwe ankalandirabe cheke anali depoti ya kampani ya zitini. Kenias anapita komweko n'kugula zonse zomwe akanatha, makatoni a nyemba, a jamu ndi zitini zikuluzikulu za mafuta, ndalamazo zisanasanduke mapepala.

Katundu yense anakatsitsidwa m'mphepete mwa Kitsiyatota, pakati pa maenje a golide ndi milu ya dothi lofiira, pomwe palibe amene amafunsa chitupa. A Pensulo anazika mitengo n'kukulunga mapulasitiki akuda. Mayi Alinesi anayala tebulo lija la mizere panja n'kuyamba kugulitsa nyemba zotenthetsa ndi mafuta a pa kapu kwa makorokoza otuluka m'maenje. Mbewu ya maungu anaibzala kuseri kwa chisakasacho, m'dothi lomwe ngakhale udzu umalikana.

Ndinapita kukawaona Lamulungu lina kutayamba kutentha, mitambo itayamba kusonkhana chakum'mawa. Ndinawapeza a Pensulo atakhala pa mwala, mulu wa zitini zopanda kanthu uli pambali. Ankadula chitini ndi sizasi ya malata, kuchitambasula, n'kuchisula ndi hamala mpaka chiphwatalale. Zina anali atazikhoma kale pamwamba pa chisakasa, chimodzi kusanjika pa chinzake, zithunzi za nyemba ndi malalanje zikuyang'ana kumwamba. Pakhomo panali chingwe chatsopano ndi tochi yomanga pamutu, zida za olowa m'maenje, ndipo sindinafune kufunsa kuti n'zayani, chifukwa bondo lija ndinkalidziwa.

Posakhalitsa Kenias anafika pa njinga, atavala suti yakutchalitchi. Anapereka moni, anakhala pa katoni, kenako anatulutsa pepala m'Baibulo lake mwamanyazi.

"Baba, masheya ochepa tinasiya aja akukwerabe. Wofiira uli kutali pamwamba pa wabuluu. Mwina pofika Khirisimasi..."

Mayi ake anatsegula pakamwa, koma a Pensulo anawaletsa ndi dzanja. Analandira pepalalo, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulibweza bwinobwino. Kenako anatola chitini chophwatalala, anachigogoda ndi chala n'kumvetsera kulira kwake.

"Unanena zoona, mwana wanga, kampani yako ndi yolimba. Chitini chake sichichita dzimbiri msanga." Anamupatsira hamala. "Vula jekete, ukwere pamwambapo. Mbali ya amako ikadali poyera, ndipo mvula sidikira cheke."